Musagule foni ina achimwene, mangani kaye imene muli nayoyo

Achimwene, kafilimu kanu ka zidole kaja, ka mbuzi yothamangitsa mkulu wanjinga, ndakaonera katatu, ndipo katatu konse ndaseka. Nkhaniyo ili bwino, musaikhudze. Mwafunsa chifukwa chake chithunzi chikuthwanima ngati kunja kuli ziphaliwali, chifukwa chake mbuziyo ikudumphadumpha m'malo mothamanga, komanso ngati mankhwala ake n'kugula foni ya kamera yamphamvu. Ndalamazo sungani kaye. Chimene ndaona ine n'chakuti m'kafilimu kanu chilichonse chikuyenda: tebulo, khoma lakumbuyo, mthunzi, ngakhale foni imene. Pa stop-motion, luso lojambula chidole chithunzi chimodzichimodzi uku mukuchisuntha pang'onopang'ono, choyenera kusuntha n'chidole chokha, zina zonse zikhale ngati mwazikhomera ndi misomali.

Bwererani pa sekondi ya 11 muone kamtengo kakumanzere kaja. Kakudumphira m'mwamba kenako n'kubwerera. Si kamtengo kasuntha, ndi chala chanu podina batani. Ngati muli ndi tripod, choimikira kamera cha miyendo itatu chija, matani miyendo yake pansi ndi selotepi kuti ngakhale mutaipunthwa isachoke. Ngati mulibe, boolani katoni, lowetsani foniyo, panikizani ndi njerwa ziwiri. Ndipo mukayamba kujambula musaigwirenso. Mafoni ambiri amajambula mukadina batani la voliyumu la pa waya wa mahedifoni, yesani yanuyo. Ikakana, ikani timer ya masekondi 2 kuti foni izijambula dzanja litachokapo kale. Tebulo nalo likhale losagwedera, ndipo timitengo ndi tinyumba timene mwaika kumbuyoko timatidwe ndi guluu.

Kuthwanimako n'kwa dzuwa. Mithunzi ikuonetsa kuti munajambulira pakhonde, ndipo pofika kumapeto mthunzi wa njinga watembenukira kwina. Inu mukukonza mwendo wa mbuzi, mtambo wadutsa. Chithunzi china chowala, chotsatira chakuda, mukazithamangitsa pamodzi ndiye ziphaliwali zija. Lowani m'chipinda, tchingani zenera ndi bulangete lochindikala, muyatse mababu awiri: lamphamvu chapambali, lofooka mbali inayo kuti lifewetse mthunzi. Lachiwirilo likasowa, pepala loyera lalikulu limabweza kuwala bwinobwino.

Koma ngakhale m'chipinda, foni imakonda kudziganizira yokha. Ikaona dzanja lanu lalowa n'kutuluka imasintha kuwala, imasinthanso focus, kutanthauza malo amene ikuwaonetsa bwino pachithunzi. Ilandeni ufulu umenewo. Pa Android pitani ku Pro mode, ISO (mmene kamera imamvera kuwala) muiike pansi, monga 100, white balance (yokonza mitundu) muichotse pa auto, focus muitchere nokha pachidolepo. Pa iPhone dinikizani chala pa sikirini mpaka ilembe AE/AF Lock, kusonyeza kuti kuwala ndi focus sizisinthanso. Magetsi akwathu kuno ndi a 50 Hz, kutanthauza kuti amasinthasintha ka 50 pa sekondi, choncho mababu ena amaphethira mwaliwiro loti diso silingaone koma kamera imagwira. Shutter, nthawi imene kamera imatsegukira kuwala, mukaiika pa 1/50 kapena 1/25 ya sekondi, mizere yakuda yobwera ndi kuphethirako imatha. Ndiye pali ichi chimene ambiri amachiseka mpaka chitawachitikira: valani malaya akuda, ndipo podina batani muziima malo amodzimodzi nthawi zonse. Shati yoyera imabweza kuwala pa chidole, ndipo mukaima apa kenako apo, nkhope ya mbuziyo izisintha mtundu.

Ine zinandionekera tsiku lina magetsi atathima ndili pakati pa ntchito. Ndinati ndisataye nthawi, ndinayatsa nyale yotchaja n'kupitiriza. Maola atatu ndili chiweramire. Poonera m'mawa mwake, zinali ngati dzuwa likulowa m'kati mwa khitchini, chifukwa batire limatha pang'onopang'ono ine osazindikira. Zithunzi zoposa 100 ndinazifufuta. Masiku ano magetsi akapita ndimavundikira zidole ndi beseni, n'kukagona.

Tsopano za kudumphadumpha. Ndikayerekeza, munaika zithunzi 5 pa sekondi, ndiye kuti masekondi 40 aja munajambula pafupifupi 200. N'zochepa. Mafilimu a ku cinema amayenda ndi zithunzi 24 pa sekondi, koma opanga stop-motion ambiri amasuntha chidole ka 12 pa sekondi, chithunzi chilichonse n'kuoneka kawiri. Inunso yambirani pa 12. Kafilimu kanu komweko kafuna zithunzi 480, mphindi yathunthu 720. Mukaona kuti zachuluka, fupikitsani nkhani, osati kuchepetsa zithunzi. Masekondi 15 osalala amakoma kuposa mphindi ziwiri zonjenjemera. Ndipo kuchedwako si kwa inu nokha: katswiri wa stop-motion Ray Harryhausen anatha miyezi inayi ndi theka akujambula nkhondo ya mafupa a anthu asanu ndi awiri ya mu filimu ya Jason and the Argonauts ya 1963, imene pa sikirini imangotenga mphindi zochepa.

Koma kuchuluka kwa zithunzi pakokha sikupatsa chidole moyo. Apa ndiye pagona nkhani. Mbuzi yanu mukuisuntha mtunda wofanana chithunzi chilichonse, n'chifukwa chake ikuoneka ngati ikukokedwa ndi chingwe. Chamoyo sichiyenda choncho. Onani munthu akamanyamula ndowa: dzanja limayamba pang'onopang'ono, pakati limathamanga, pofika limachepetsanso. Pa tebulo panu zikutanthauza kuti poyamba musuntha milimita imodzi, kenako ziwiri, zinayi, zisanu ndi zitatu, ndiye n'kuyambanso kuchepetsa mpaka kuima. Chinthu chikamagwa, monga chipewa cha mkulu uja, mipata yake imakula motsatira 1, 3, 5, 7, ndipo sichichepetsa liwiro chisanagunde pansi. Mkono ukamakwera umajambula uta, suyenda mowongoka ngati rula.

Chinanso, mbuzi isanagunde munthu imayamba yabwerera m'mbuyo, kuweramitsa mutu, kuima kaye. Amene anawetako amadziwa kuti nthawi yothawa ndi imeneyo. M'kafilimu kanu yangofikira kugunda, diso la woonera silinakonzeke. Ipatseni zithunzi 6 zobwerera, 4 itaima nji, ndiye zitatu zokha zogundira. Mkuluyo akagwa, msiyeni agone chigonere zithunzi 10 kapena 12 anthu aseke, kenako adzutse mutu. Oyamba kumene amaopa kuimitsa chidole, amaganiza kuti chilichonse chiziyenda nthawi zonse, pomwe nthabwala zambiri zimakhala pa kuimako. Poyenda wamba, sitepe imodzi imatenga pafupifupi theka la sekondi, ndiye zithunzi 6. Musanagwire dongo, dzijambuleni nokha mukuchita zomwezo pabwalo, anthu akuyeseni openga, kenako muwerenge nthawi yake.

App imene mukugwiritsa ntchito ikhale ndi onion skin, ija imakuonetsani chithunzi chapita chili mbuu pamwamba pa chatsopano. Stop Motion Studio ili nayo ngakhale yaulere. Dragonframe ndi ya akatswiri, ya pa kompyuta, ndipo ndi yodula, panopa simukuifuna.

Za chidole chimene mwati chimagwa chokha. Dongo lakudambo ndi labwino poumba miphika ndi ng'ombe zoseweretsa, koma limauma n'kung'aluka musanafike pakati pa ntchito. Limene limafunika ndi plasticine, la mafuta, lomwe William Harbutt analipanga ku England mu 1897. Siliuma, kungoti kukatentha ngati mu Okutobala limafewa n'kuyamba kuwerama, ndiye mababu musawayandikize. M'kati muikemo mafupa a waya. Amene tinakula tikupinda magalimoto a mawaya manja tili nawo kale, koma waya uja wa mpanda ndi wouma mutu, mukaupinda umabwerera. Funani wa aluminiyamu, mupote iwiri pamodzi ngati chingwe. Pamene pasamapindike, monga ntchafu ndi chifuwa, matanipo Pratley Putty, zomatira zija zimauma gwa, musiye mpata pa bondo ndi pa chigongono. Mimba mudzaze ndi foil kuti chidole chisalemere kumtunda. Mapazi akhale aakulu, ndipo ngati mungathe kwirirani kanati m'phazimo, muboole thabwa, mumange ndi bawuti kuchokera pansi. Mukatero mbuzi itha kuima ndi mwendo umodzi osagwa. Pafupi pazikhala kansalu konyowa, chifukwa zala zimene zagwira dongo lakuda zikakhudza loyera, zatha.

Mawu munawaika pomaliza, n'chifukwa chake pakamwa pa mkuluyo pakutseguka iye atamaliza kale kukuwa. Yambani kujambula mawu, mutadzifunditsa bulangete kuti chipinda chisamveke, muwerenge kuti "mayo ine!" akutenga zithunzi zingati, mulembe papepala, kenako muumbe pakamwa motsatira pepalalo. Nyimbo ija yaphimba zonse, itsitseni. Ziboda gogodani ndi timitengo tiwiri pa thabwa, kugwa kwa njinga gwetsani masipuni m'mbale yachitsulo.

Mbuziyo ipumeko sabata ino. Tengani chitsekerero cha botolo, muchiyendetse kuchoka kumanzere kufika kumanja kwa tebulo ndi zithunzi 24, choyamba pang'onopang'ono, chothamanga pakati, choima mofatsa. Mukatha tiponyereni muno pamodzi ndi chithunzi cha mmene mwamangira foniyo, ndione ngati njerwa zija mwaikadi.