Mbalame yomwe ikutenga anapiye anu

Mayi, mwafunsa kuti ndi mbalame yanji ya mchira wamphanda imene ikutenga anapiye anu. Mbalame yabulauni imene mwaiona ikuzungulira pamwamba pa bwalo lanu ndi mphamba. Chondichititsa kutero ndi mchira wamphanda umene mwafotokozawo, chifukwa mphamba imaupotoza uku ndi uku ikamauluka mosakupiza mapiko, ndipo mlomo wake ndi wachikasu. Imachuluka kuyambira cha mu Ogasiti mpaka mu Malichi. Kabawi sachita choncho; amabisala mumtengo n'kutulukira mwadzidzidzi, ndipo mapiko ake ndi aafupi. Kwathu tinaona mphamba ikutsika masana anapiye akamadya poyera, choncho muwatsekere m'khola lofoleredwa mpaka atakula. Musaitchere poizoni, chifukwa amaphanso agalu. Mukaipeza itavulala, musaigwire ndi manja. Dziwitsani akuluakulu oona za nyama zakutchire kapena dokotala wa ziweto.