Mwana watsika kuchoka pa nambala 9 kufika pa 47: ndikayambire kwa ndani?

Mayi wina wa ku Santhe wandilembera pa imelo. Mwana wawo wamkazi anali wa nambala 9 mu Sitandade 4, koma lipoti la teremu yapitayi, ali mu Sitandade 5, labwera ndi nambala 47. Aphunzitsi sanawaitanepo ngakhale kamodzi. Akufunsa ngati apite kukadandaula kwa ahedi, kapena angokhala chete poopa kuti aphunzitsi angamuike mwanayo pa diso.

Mayi, pitani ndithu, koma musayambire kwa ahedi. Yambirani kwa aphunzitsi a m'kalasi mwake, ndipo musadikire tsiku lotsekera. Lipoti limafika madzi atafika kale m'khosi.

Sitandade 5 ndi pamene ana ambiri amapunthwa, chifukwa maphunziro amene ankawamva m'Chichewa amasanduka a Chingerezi. Mwana wochenjera bwinobwino amatha kungokopera za pa bolodi osamva kanthu. Komanso chiyambire pulayimale yaulere mu 1994, m'makalasi ambiri ana amachita kuthithikana. Mphunzitsi wa ana okwana zana sangalondole kholo lililonse. Sindikuwaikira kumbuyo, ena ndi aulesi ndithu, koma kudikira kuti akuitaneni n'kudikira mvula mu Julaye.

Musanapite, tsegulani makope ake. Ine ndinachita zimenezi ndi mwana wa achemwali anga usiku wina, tochi ili m'manja. Kope la masamu, milungu itatu yathunthu, linalibe cholembera chofiira paliponse. Ndinapsa mtima, m'mawa n'kulawirira kusukulu. Aphunzitsi sanakangane nane, anangotulutsa rejisitala. Mnyamatayo ankajomba Lachiwiri ndi Lachisanu, kukasoka fodya kwa aneba kuti apeze ya zigumu. Kunyumba ankachoka atavala yunifolomu! Aphunzitsi ankayesa kuti ife ndi amene tikumutuma, ife tinkayesa ali m'kalasi.

Ndiye mukapita, musapite ndi mafunso okha. Nyamulani zimene aphunzitsi sangazione ali pa bolodi: ngati amachoka osadya, ngati amagona mochedwa chifukwa cha ntchito za m'chigafa, ngati akudandaula maso. Kwathu kuno ku Kasungu teremu yachiwiri imagwera pa njala ndi fodya nthawi imodzi. Ngati wakula msinkhu ndipo masiku ena amachita manyazi kupita, amayi a Mother Group, gulu la amayi lothandiza atsikana pasukulu, alipo chifukwa cha zoterezi.

Kenako funsani zogwirika: ndi phunziro liti lamuvuta, amakhala pati m'kalasi, wajomba kangati. Siyani nambala yanu ya foni, ndipo mugwirizane tsiku lobweranso pakatha milungu iwiri kapena itatu. Mukaona kuti akukuzembani, apo ndiye kwa ahedi, kenako komiti ya sukulu, ndipo zikakanika, kwa a PEA, alangizi a maphunziro a pulayimale, ku TDC, likulu la aphunzitsi a m'zoni yanu.

Tsikulo mwanayo mupite naye, ndipo mumulole ayankhulepo yekha.