Madzi a mumsewu akulowa papuloti: khonsolo ingathandize?

Bambo, mwafunsa ngati khonsolo ingakukumbireni ngalande poti madzi a mumsewu akusefukira pabwalo panu. Ngalande ya mkati mwa puloti ndi udindo wanu. Khonsolo imasamala za m'mbali mwa misewu yake, pomwe misewu ikuluikulu ngati M3 ndi ya bungwe loona za misewu la Roads Authority. Jambulani zithunzi mvula ikugwa, lembani kalata ku ofesi ya zomangamanga ya khonsolo mutchule nambala ya puloti, ina mupatse khansala wanu. Kawirikawiri vuto limakhala kalavati yapageti yodzadza mchenga. Ifukuleni Novembala asanafike. Ngalande yanu itsike sentimita 1 pamita iliyonse, muimange ndi njerwa ndi simenti chifukwa dothi lamchenga limagumuka. Ngati puloti yanu ili pafupi ndi mtsinje wa Shire, dzenje lomwetsera madzi n'kutaya ndalama, madzi apansi ali pafupi. Musalozetse ngalandeyo kwa aneba, udzakhala mlandu.