Hita yodontha mu Corolla yakale

Achimwene, mwafunsa ngati mungasinthe nokha heater core, poti kapeti ya kumanzere ikunyowa ndipo galasi lakutsogolo likuchita nthunzi. Zizindikiro zake ndi zomwezo. Khudzani madziwo ndi chala: akakhala oterera komanso a fungo lotsekemera, ndi coolant ameneyo, madzi oziziritsa injini, si mvula.

Kachipangizoko ndi karadiyeta kakang'ono kobisala kuseri kwa dashibodi. Kuchotsa kwake sikuvuta, chovuta ndi kukafikira. Ine ndinayamba Loweruka m'mawa pakhomo ku Chilenje mu Lusaka, ndinamaliza Lamlungu dzuwa litalowa, manja ali mabala okhaokha. Masulani batire kaye, mudikire pang'ono chifukwa cha airbag, thumba la mpweya lomwe limafufuma pa ngozi. Waya aliyense mujambuleni ndi foni musanamuzule, masikuluwa muziika m'zitini zosiyana. Mapulasitiki a galimoto yokalamba amathyoka ngati bisiketi, musakoke mwaukali. Ine ndinathyola awiri.

Ngati m'thumba simuli bwino, pezani mapaipi awiri olowa mkati kuchokera ku injini, muwalumikize okhaokha. Kudontha kutha pomwepo, koma m'mawa wa Juni ndi Julaye mudzayenda pa Great East Road mukupukuta galasi ndi nsalu, mano akugundana. Mankhwala otseka podontha aja sindiwakhulupirira, amatsekanso tinjira tabwinobwino.

Mukamaliza thirani coolant, osati madzi a pampopi, a kuno ali ndi laimu wambiri. Injini ili yozizira tsegulani chivindikiro cha radiyeta, muilize hita ili pa kutentha kwambiri, mpaka thovu la mpweya lisiye kutuluka.