Mutu wopweteka pambuyo pa jekeseni wa pamsana

Mayi, mwafunsa chifukwa chake mutu ukupweteka kwambiri mukakhala tsonga, koma umaleka mukagona, patangopita masiku awiri mutachitidwa opaleshoni yobereka.

Jekeseni wochititsa dzanzi uja amaboola kachikopa kamene kamasunga madzi ozungulira ubongo ndi msana. Madziwo akamadontha pa kabowoko, ubongo umatsika pang'ono mukadzuka, ndiye mutu umalasa, nthawi zina mpaka khosi ndi makutu. Kafukufuku anaonetsa kuti singano zoonda za nsonga ngati pensulo, za Whitacre kapena Sprotte, zimachepetsa vutoli poyerekeza ndi za Quincke, za nsonga yocheka. Kugoneka munthu chagada tsiku lonse, monga ankachitira kale, sikuteteza.

Kawirikawiri mutuwu umaleka wokha mkati mwa sabata imodzi kapena ziwiri. Imwani madzi, panado wa 1g maola 6 aliwonse osapitirira 4g patsiku, ndi kapu ya khofi. Mutu ukapanda kuleka, dokotala amatenga magazi anu pafupifupi 20ml n'kuwabaya pamsana kuti atseke bowolo.

Koma thupi likatentha, khosi likauma, maso akachita chidima, miyendo ikafooka kapena mukakomoka, pitani kuchipatala msanga akakuyezeni, kuphatikizapo BP. Matenda a BP amagwiranso mayi atabereka kale.