Kangaude wa ku Poland ndi kangaude wathu

Funso: Ndili pa sukulu ku Poland. Kuno kangaude amati pająk, mnzanga wa ku Ukraine amati pavuk. Kodi zinenero za Chibantu nazonso zili ndi dzina limodzi la kachilombo kameneka? Nanga poti dzina lathuli limayamba ndi ka-, akachuluka tizinena kuti "tingaude"?

Yankho: Khutu lanu lamva bwino, achimwene. Mayina awiriwo anachokera ku tsinde limodzi la Chisilavo chakale (kholo la Chipolishi, chinenero cha ku Ukraine ndi zina zapachibale nazo), ndipo abale ake alipo ambiri: a ku Russia ndi ku Serbia amati pauk, a ku Czechia pavouk, a ku Slovakia pavúk, a ku Bulgaria payak, a ku Slovenia pajek. Chipolishi chinasunga kamvekedwe ka m'mphuno kamene anzawo anataya, nchifukwa chake mukamvetsera bwino anthu a kumeneko mumamva ngati "payonk". Ngakhale Chihangare cha ku Hungary, chimene si Chisilavo nkomwe, chinabwereka dzinali nkukhala pók.

Kwathu kuno sizili choncho. Asilavo anayamba kumwazikana zaka pafupifupi 1,500 zapitazo, pomwe makolo a Chibantu anabalalikana kale kwambiri kuposa pamenepo. Mawu ngati munthu tikadagawanabe (Aswahili mtu, Azulu umuntu), koma pa kangaude mayina ndi osiyanasiyana. Mswahili amati buibui.

Tsono funso lachiwirilo ndi limene ndikufuna mulimvetse, chifukwa ndaona ana asukulu ambiri akulemba kuti "kangaude kakulu kaluka ukonde". Ayi ndithu. Ka- wa mu kangaude si wochepetsa uja wa mu kamwana, timwana. Anamatirira ku dzina lenilenilo, monga mu kalulu, kamba ndi kadzidzi. Palibe amati "tilulu tathawa". Timati akalulu athawa, ndipo chimodzimodzi akangaude. Mgwirizano wake ndi wa gulu la galu: kangaude wamkulu waluka ukonde wake pakona pa denga, akangaude awiri atsika ndi ulusi wawo.

Mukafuna kumuchepetsa, wonjezerani ka- wina pamwamba: kakangaude kakang'ono kabisala kuseri kwa kalendala. Apa ndiye tikakhala tambiri ndi tiakangaude. Anzanu a ku Poland akakufunsani, awuzeni kuti mmodzi ndi kangaude, ambiri ndi akangaude.