Za gologolo wouluka uja

Amalume, mwafunsa ngati kanyama munakaona usiku ku Msekera kakudumpha m'mitengo kanali gologolo wouluka. Ine ndikuganiza kuti anali changa. Agologolo oulukawo kwawo ndi ku Asia, North America ndi kumpoto kwa Ulaya, ndipo alipo mitundu pafupifupi 50.

Sakupiza mapiko ngati mleme ayi. Ali ndi chikopa chochokera kumwendo wakutsogolo kufika wakumbuyo. Akadumpha pamwamba pa mtengo amachitambasula, n'kumatsetsereka mumphepo mpaka pamtengo wina, mchira ukuthandiza kuwongolera. Chimene chimandisangalatsa kwambiri ndi kateredwe kake: akayandikira amadzutsa chifuwa, liwiro n'kuchepa, n'kugwira thunthu ndi miyendo yonse inayi.

Amayenda usiku, n'chifukwa chake maso awo ndi akuluakulu ngati a changa. Masana amagona m'mphako.